Nkhope za pulasitala za Buddha: mukazione ku London, ku Paris, ku Taxila kapena ku Termez?

Mukadzaima pafupi ndi mutu wa Buddha wochokera ku Hadda, malo akale a amonke a Chibuda ku Afghanistan, maso anu adzathamangira pa zikope zake zotsika ndi timilomo take timene tidakali ndi kautoto kofiira. Koma yambani mwasuzumira pakhosi. Pamenepo m'pothyoka, ndipo pa mitu ina pamaoneka kabowo pomwe panali chikhomo cholumikiza mutuwo ndi thupi lake. Kumbuyo kwake n'kokhakhala chifukwa mbali imeneyo inkagunda khoma, palibe ankaiona. Mutuwo unali chiwalo cha khoma lodzaza ndi anthu oumbidwa, ena atakhala, ena ataima, ena atanyamula maluwa. Lero khomalo kulibe, kwatsala mutu m'bokosi lagalasi. N'chifukwa chake funso loti mukazione kuti ziboliboli zimenezi lili ndi phindu: malo ena adzakuonetsani nkhope zokongola zopanda matupi, ena adzakuonetsani khoma lenilenilo ngakhale nkhope zambiri zitachokapo.

Tiyambe tamva kaye kuti zinapangidwa bwanji. M'dera la Gandhara, lomwe lero ndi kumpoto chakumadzulo kwa Pakistan ndi kum'mawa kwa Afghanistan, amisiri oyambirira ankasema mwala wotuwa wotchedwa schist. Kuchokera cha m'zaka za m'ma 200 mpaka m'ma 400, ambiri anatembenukira ku pulasitala wa njereza ndi mchenga, ena n'kumagwiritsa ntchito gypsum, mwala wofewa woyera umene amauotcha n'kuusinja. Mwala umafuna kukumba, kunyamula ndi kusema kwa masabata ambiri, ndipo ukalakwitsa sungabwezerepo. Pulasitala amakandidwa pamalo pomwepo, amamatidwa akadali wofewa, ndipo chala cha mmisiri chimatha kukonza mphuno yopindika isanaume. Chiboliboli chachikulu ankayamba ndi mtima wa dothi, miyala kapena mtengo wokulungidwa ndi udzu, n'kumata dongo pamwamba, kenako pulasitala wosalala. Nkhope zambiri ankazidinda m'chikombole, tsitsi ndi makutu n'kuzimaliza pamanja. Pomaliza ankapaka utoto, zina n'kuzikuta ndi golide. Mutu unkalandira pulasitala wabwino ndi wolimba kuposa thupi, ndiye khoma likagwa thupi linkafumbutuka, mutu n'kugubuduka uli wamphumphu. Apa ndi pamene pagona chifukwa choti nyumba zosungiramo zinthu zakale zadzaza ndi mitu.

Kwa amene muli ku Britain, poyambira pachidule ndi ku London. Ku British Museum salipiritsa polowa, ndipo zinthu za ku Gandhara zili m'chipinda chachitali cha nambala 33. Kumeneko ntchito yosema pamwala ndiyo yochuluka, zapulasitala n'zochepa, koma ubwino wake ndi womwewo: mumatha kuyang'ana nkhope yamwala kenako yapulasitala popanda kuyenda mtunda, n'kuona nokha kusiyana kwake. Yamwala imakhala ndi mizere yakuthwa, yozizira. Yapulasitala masaya ake ndi ofewa ngati mungawabinye ndi chala. Victoria and Albert Museum, nayonso yaulere, ili ndi mitu ingapo yokongola ya mtundu umenewu, choncho tsiku limodzi limakwana kuona malo onse awiri.

London ilinso ndi zina mwa zomwe wofukula zakale Aurel Stein anatenga m'chipululu cha Taklamakan, kumadzulo kwa China, ngakhale kuti gawo lalikulu la katundu wake linapita ku National Museum ya ku New Delhi. Nkhani ya Stein ku Rawak, kufupi ndi Khotan, imandikhudza nthawi zonse. Mu April 1901 anafukula mumchenga mpanda wa stupa, kutanthauza chimango chozungulira chosungiramo zotsalira za Buddha kapena za oyera mtima, n'kupeza ziboliboli 91 zitandandalika m'khoma, zambiri zazikulu kuposa munthu. Mitengo ya m'kati mwake inali itaola kale, mchenga ndiwo unkazichirikiza. Sakanatha kuzinyamula. Anazijambula, n'kuzikwiriranso kuti zisungike. Atabwerera mu 1906 anapeza kuti anthu ofuna chuma anaziphwanya poganiza kuti m'kati muli golide. Mukaona tizidutswa ta ku Khotan mu London, tikumbukireni kuti tinachokera ku mizere yotere. Kuipa kwa London n'kwakuti simudzaona chiboliboli chapulasitala chili pamalo pake, ndipo zambiri zili m'nkhokwe, sizionetsedwa. Komabe zithunzi za zinthu zambiri za m'nkhokwezo zili pa intaneti, ndipo aliyense angazione kwaulere.

Ngati chimene mukufuna ndi nkhope, pitani ku Paris. Musée Guimet, imene ili pa Place d'Iéna ndipo inatsegulidwa mumzindawu mu 1889, ilibe inzake ku Ulaya pa nkhani ya Hadda. Chifukwa chake n'chakuti mu 1922 dziko la France linagwirizana ndi mfumu Amanullah ya Afghanistan kuti akatswiri achifalansa azifukula m'dzikomo, zopezekazo n'kumagawana pakati pa Kabul ndi Paris. Pakati pa 1926 ndi 1928 Jules Barthoux anafukula nyumba za amonke zingapo ku Hadda, kufupi ndi Jalalabad, n'kupeza ziboliboli masauzande. Hadda sanali malo wamba. Amwendamnjira achitchaina, Faxian cha m'ma 400 ndi Xuanzang cha m'ma 630, anafika kumeneko kukaona fupa limene anthu ankakhulupirira kuti ndi la chibade cha Buddha. Komwe kumasonkhana alendo achipembedzo kumabweranso ndalama, ndipo aliyense wopeza bwino ankafuna kumanga kastupa kake n'kukakongoletsa. Amisiri a pulasitala sankasowa ntchito.

Chimene chimagwira mtima ku Guimet si a Buddha okha. Nkhope ya Buddha inali ndi malamulo ake: chotupa cha pamutu, kadontho pakati pa nsidze, makutu aatali, mtendere wosagwedezeka. Mmisiri sakanasintha zambiri. Ufulu wake unali pa anthu ozungulira Buddhayo, ndipo apa m'pamene anaonetsa luso lake lonse. Mudzaona mmonke wokalamba wa masaya olowa, msilikali wa ndevu zopotana, ziwanda za gulu la Mara, woyesa Buddha, zitatong'ola maso ndi kuyasamula kukamwa, mlendo wa chipewa chosongoka amene mukhoza kulumbira kuti mmisiriyo anamuona pamsika m'mawa womwewo. Chodziwika kwambiri ndi mnyamata wa ku Tapa Kalan, imodzi mwa nyumba za amonke za ku Hadda, wonyamula maluwa m'nsalu yake. Phewa lake lili pamtunda, tsitsi lake ndi lopotanapotana ngati la ziboliboli za Agiriki, ndipo dzanja lake lili m'maluwamo ngati watsala pang'ono kuwamwaza. Mukaima chakumanzere amaoneka wachimwemwe, mukasunthira kumanja nkhope imakhala ngati yalingalira zina. 

Guimet ili ndi zinanso ziwiri zomwe zimawonjezera kulemera kwake. Choyamba ndi ziboliboli za ku Fondukistan, nyumba ya amonke ya m'chigwa cha Ghorband yomwe Jean Carl anafukula mu 1937. Izi n'zadongo losawotcha lopakidwa utoto, za m'zaka za m'ma 600 kapena 700, ndipo matupi ake ndi owonda, opindika m'chiuno, zala zazitali, mikanda mbwee. Mukazifananiza ndi za ku Hadda mumaona kuti kalembedwe ka ku India kanali katalowerera. Chachiwiri ndi zimene Paul Pelliot anatenga ku Tumshuq, m'dera la Xinjiang kumadzulo kwa China, mu 1906. Choncho m'nyumba imodzi mumayenda ulendo wochokera ku Jalalabad mpaka m'malire a China. Polowa amalipiritsa, ndipo Lachiwiri amatseka. Vuto la Paris ndi lija ndinayamba nalo: mitu yambiri ili pa timitengo tachitsulo, yatalikirana ndi makoma ake, ndipo munthu akhoza kutuluka akuganiza kuti amisiri a ku Hadda ankaumba mitu yokhayokha.

Berlin ndi ya amene mtima wawo uli kum'mawa kwenikweni. Maulendo anayi a Ajeremani opita ku Turfan ndi Kucha, ku Xinjiang komweko, pakati pa 1902 ndi 1914, otsogozedwa ndi Albert Grünwedel ndi Albert von Le Coq, anabweretsa ziboliboli zadongo zopakidwa utoto ndiponso zithunzi zimene anazicheka m'makoma a mapanga a ku Kizil. Zina zinaphwanyidwa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zina zinatengedwa kupita ku Soviet Union, zotsalazo zili ku Humboldt Forum. Kumeneko nkhope n'zobulungira ngati mwezi, maso ndi aang'ono, ndipo chikombole chinagwira ntchito kwambiri kuposa chala. Pa pulasitala wa mtundu wa ku Hadda, Berlin siingafike pa Paris.

Tsopano Taxila, ku Pakistan. Munthu atandifunsa kuti ali ndi ndalama za ulendo umodzi wokha, ndingamuuze kuti apite kumeneku. Ndi mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera ku Islamabad, ndipo malowa ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa kuyambira 1980. John Marshall anafukula m'chigwachi kuyambira 1913 mpaka 1934, ndipo Taxila Museum, imene inatsegulidwa mu 1928, inamangidwa kuti zopezekazo zikhale pafupi ndi kwawo. M'nyumbayi muli mitu yambiri yapulasitala, komanso magulu athunthu a ziboliboli omwe anachotsedwa m'makoma kuti asaonongeke. Yambirani m'menemo m'mawa, kenako mukwere galimoto kupita ku Mohra Moradu ndi Jaulian, mabwinja a nyumba za amonke m'chigwa chomwecho.

Jaulian ili pamwamba pa phiri, ndipo pali masitepe ambiri oti mukwere. Mukafika pamwamba mumalowa pansi pa denga lomwe anamanga kuti mvula isasungunule pulasitala, ndipo maso amatenga kanthawi kuti azolowere mthunzi. Pakati pali tsinde la stupa yaikulu, ndipo mozungulira muli timastupa tating'ono toposa 20, tothithikana moti pena mumadutsa chammbali. Kastupa kalikonse kali ndi mizere yosanjikizana. Mumzere umodzi a Buddha aang'ono ngati chikhatho akhala m'timakomo tawo, pansi pawo mikango ndi njovu zatulutsa mitu ngati zasenza mzere wa pamwambawo, ndipo pakona timaanthu tapinda mawondo, tatukula mapewa, nkhope zitakwinyika ndi kulemera kwa katundu. A Buddha ambiri alibe mitu, pangotsala khosi ndi bowo. Apa m'pamene mitu ya ku Paris ndi London imayamba kumveka. Mumaona kuti inali yambirimbiri, yobwerezabwereza, yotalikirana ndi zala zochepa chabe, ndipo munthu wopemphera ankaidutsa pozungulira stupayo, dzanja lake lamanja lili chakustupa.

Pansi pa ziboliboli zina pali mawu olembedwa m'zilembo za Kharoshthi otchula amene anapereka mphatsoyo, ena mwa iwo amonke a pamalo pomwepo. Ndiye kuti khoma limeneli linkakula pang'onopang'ono, wina akapeza kangachepe n'kuwonjezerapo Buddha wake. Pakhoma la stupa yaikulu pali Buddha wokhala pansi amene ali ndi bowo pamchombo. Odwala ankapisa chala m'bowomo popempha kuti achire. Bowolo n'losalala, ndipo mukaliyang'ana mumadziwa kuti chiboliboli chimenechi chinkakhudzidwa ndi manja a anthu ovutika. Palibe bokosi lagalasi lingakuphunzitseni zimenezi.

Kuseri kwa bwalo la stupa kuli nyumba ya amonke, tizipinda titazungulira bwalo lomwe pakati pake pali dziwe lolandira madzi a mvula. Nyumbayi inapsa cha m'zaka za m'ma 400, ndipo Marshall ankati anaiotcha ndi Ahuni amene analowa m'derali nthawi imeneyo. Motowo unachita chinthu chimene amisiri sanachiganizire: ziboliboli zina za dongo losawotcha zinapsa n'kulimba ngati mbiya, ndipo n'chifukwa chake zilipo mpaka lero. Gulu limodzi lotere limaonetsa Buddha ataima, pambali pake mwamuna wovala zachilendo ndi mkazi wake, amene ayenera kuti ndiwo analipira ntchitoyo. Dziwani kuti zina zimene mudzaone m'makoma a Jaulian n'zongofanizira, zenizenizo zili ku nyumba yosungira ija, ndiye funsani wolondera malowo kuti akulozereni. Ku Mohra Moradu, m'kachigwa kobisika chapafupi, musaphonye kastupa kamene kaimirira kathunthu m'kati mwa chipinda cha mmonke, ndi maambulera ake osanjikizana mpaka pamwamba.

Taxila ili ndi zovuta zake, sindingabise. Pamafunika viza ya Pakistan, ndipo ndi bwino kufufuza za chitetezo musanagule tikiti. M'miyezi ya May ndi June kumatentha koopsa, choncho nthawi yabwino ndi kuyambira November mpaka March. Malowa ndi otalikirana, pamafunika galimoto ya tsiku lonse. Ndipo nkhope zokongola koposa za mtundu umenewu simudzazipeza kumeneko zonse. Koma amene waona Jaulian akadzapita ku Paris adzatha kubwezera mutu uliwonse pakhoma lake m'maganizo mwake, pomwe amene wayambira ku Paris amafunika kuuzidwa.

Kuwoloka mtsinje wa Amu Darya kupita kumpoto, nkhani imasintha pang'ono. Termez, mzinda wa kumwera kwenikweni kwa Uzbekistan, uli pamalire ndi Afghanistan, ndipo Xuanzang atadutsako anapezako nyumba za amonke pafupifupi 10 ndi amonke okwana 1,000. Lero mungaone Fayaz Tepe, imene Lazar Albaum anayamba kufukula mu 1968, ndi Kara Tepe, komwe amonke anakumba zipinda m'phiri la mwala wamchenga. Kara Tepe ili m'dera la asilikali a pamalire, choncho konzani za chilolezo musanafike. Amisiri a kuno ankaumba thupi ndi dongo, n'kulikuta ndi gypsum wopyapyala, ndipo zitsanzo zabwino zinapezeka ku Dalverzin Tepe, kuphatikizapo mutu wa kalonga wa chipewa chosongoka. Koma musayembekezere kupeza ziboliboli m'makoma ngati ku Jaulian. Pamalopo patsala njerwa zadothi, dzuwa ndi mphepo. Zopezekazo zinagawika pakati pa nyumba yosungira zakale ya mu Termez ndi za ku Tashkent, komwe kulinso Buddha wotchuka wa ku Fayaz Tepe wokhala pansi pa mtengo ndi amonke awiri, ngakhale kuti ameneyo ndi wosemedwa pamwala woyera. Ulendo umenewu ndi wa munthu amene akufuna kumva kukula kwa dziko limene Chibuda chinadutsamo, ndipo umayenda bwino mukauphatikiza ndi Samarkand ndi Bukhara.

Ngati mwafika kale kuderali, Dushanbe, likulu la Tajikistan, ili ndi chinthu chimodzi chokwanira kukuyendetsani ulendo. Ku Ajina Tepe, m'chigwa cha Vakhsh ku Tajikistan, gulu la Boris Litvinsky linafukula m'zaka za m'ma 1960 Buddha wadongo wogona chammbali, wotalika mamita oposa 12, wa m'zaka za m'ma 600 kapena 700. Anamudula m'zidutswa kuti anyamulike, ndipo anakhala m'mabokosi zaka zambiri asanalumikizidwenso. Weniweniyo ali ku National Museum of Antiquities. Ku nyumba ina yaikulu yatsopano, National Museum of Tajikistan, kuli wongofanizira, ndiye musasokoneze. Kuima kumapazi kwake kumathandiza kumvetsa za a Buddha a ku Bamiyan ku Afghanistan, aja a mamita 55 ndi 38 amene a Taliban anawaphulitsa mu March 2001. Iwonso thupi lokha ndilo linasemedwa m'thanthwe. Khungu ndi chovala zinali zomata, dothi losakaniza ndi udzu kenako pulasitala, ndipo pa wamkuluyo makwinya a nsalu anawapanga pokhomera zikhomo, kumangapo zingwe, n'kumata pamwamba pake.

Pali njira ina imene ndikupemphani kuti muikane: kugula. Mitu yapulasitala ya ku Gandhara imagulitsidwa pa intaneti ndi m'masitolo a zinthu zakale, ina pamtengo wooneka wotsika. Pulasitala savuta kupanga, chikombole chimatengedwa pa mutu weniweni, dothi n'kupakidwa pamwamba, ndiye zabodza zachuluka. Ukakhala weniweni koma wopanda mapepala osonyeza kuti unatuluka m'dziko lake kale ndiponso mwalamulo, ndiye kuti mwina wina anauthyola pakhoma usiku. Mu 2006 bungwe la ICOM, la nyumba zosungiramo zinthu zakale padziko lonse, linatulutsa mndandanda wa zinthu zakale za ku Afghanistan zimene zili pachiopsezo chobedwa, ndipo ziboliboli zapulasitala zilimo. Mutu uliwonse wogulidwa motere umatumiza munthu wina kukakumbanso.

Kabul ndi Hadda ndazisiya kumapeto chifukwa kwa ambiri a ife si ulendo wotheka panopa. National Museum ya ku Kabul ndiyo inalandira gawo la Afghanistan la zofukula za Barthoux. Roketi inagwetsa denga lake mu 1993, akuba analowa m'nkhokwe, ndipo mu 2001 a Taliban anaphwanya ndi nyundo ziboliboli zimene anazipeza. Ogwira ntchito m'nyumbayo anasesa zidutswazo n'kuzisunga m'mabokosi, ndipo patapita zaka anayamba kuzilumikiza chimodzichimodzi mothandizana ndi akatswiri a ku University of Chicago. Ku Hadda kwenikweniko, malo okongola koposa anali Tapa Shotor, amene anafukulidwa ndi akatswiri a ku Afghanistan eni ake, Shaibai Mostamindi ndi Zemaryalai Tarzi, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Iwo sanadule mitu. Anasiya ziboliboli m'makoma mwake n'kumanga denga, kuti anthu azibwera kudzaziona momwe zinalili. Nkhondo inaononga malowo, ndipo chatsala ndi zithunzi.

Chimodzi mwa zithunzizo muchifunefune pa intaneti usiku uno, polemba dzina la Tapa Shotor ndi la Vajrapani. Mudzaona Buddha atakhala pakati pa kachipinda kolowa m'khoma, ndipo kudzanja lake lamanja kwakhala mtetezi wake Vajrapani, woumbidwa ngati Heracles wa Agiriki: ndevu zopotana, chifuwa chotakata, chikopa cha mkango paphewa, chida chake cha mphezi atachitsamiritsa pabondo. Watembenuzira mutu kwa Buddha ngati munthu amene akumvetsera mawu amene sakufuna kuti amudutse. Pachithunzipo mutu wake udakali pakhosi pake, ndipo khosilo lidakali pakhoma.